Kapangidwe ka Chambiko ndi Yogati

Mkaka ndi chakudya chosachedwa kuwonongeka. Munthu akakama ng'ombe m'mamawa m'mwezi wa Okutobala, nyengo imene dzuwa limaswa mtengo, nasiya mkakawo m'chidebe pakhonde, pofika madzulo umakhala utayamba kale kumveka kafungo kachilendo. Kukacha umapezeka utagwirana, ndipo pambali pake pamakhala patatuluka madzi achikasu. Wosadziwa angathe kuutaya poganiza kuti waola. Koma anthu oweta ng'ombe anazindikira kalekale kuti mkaka woola ndi wosiyana ndi mkaka wosasa. Woolawo umanunkha ndipo umatsegula m'mimba, pamene wosasa bwino umakoma, umakhutitsa, ndiponso umakhala masiku angapo osawonongeka. Mkaka wosasa bwino umenewu ndiwo umatchedwa chambiko.

Pafupifupi mtundu uliwonse wa anthu oweta ziweto uli ndi chambiko chakechake. Azulu amachitcha amasi, ndipo amachisungira m'chipanda chimene amachitcha igula. Angoni a Zwangendaba, amene anaoloka mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1835, anali anthu a ng'ombe ochokera kumwera komweko, kotero luso losasitsa mkaka silinali lachilendo kwa iwo. Ku Zambia kuli mabisi, ku India kuli lassi, kumapiri a Caucasus kuli kefir, ndipo ku Iceland, dziko lozizira kwambiri, kuli skyr. Dzina loti yogati nalo linachokera ku chiyankhulo cha anthu a ku Turkey. Chikondi cha anthu pa chakudya chimenechi nchachikulu ndithu. M'chaka cha 1961 Nelson Mandela, amene pambuyo pake anadzakhala mtsogoleri wa dziko la South Africa, ankabisala apolisi m'nyumba ina m'dera la Azungu okhaokha ku Johannesburg. Polakalaka amasi, iye ankaika botolo la mkaka pazenera kuti usase. Tsiku lina anamva anyamata awiri akudabwa panja kuti mkaka wakwawo ukufunanji pazenera la Mzungu, ndipo anasamuka m'nyumbamo mosachedwa.

Kuti munthu amvetse chimene chimachitika mkaka ukamasasa, ayenera kuyamba wadziwa zimene zili mumkakamo. Pa makilogalamu 100 alionse a mkaka wa ng'ombe, makilogalamu 87 ndi madzi chabe. Pafupifupi makilogalamu 5 ndi shuga wa mumkaka wotchedwa lactose, pafupifupi makilogalamu 4 ndi mafuta, ndipo makilogalamu 3 ndi pang'ono ndiwo mapuloteni, zakudya zija zomanga thupi. Kotsalako ndi mchere wosiyanasiyana, monga kashiamu wolimbitsa mafupa ndi mano.

Mapuloteni a mumkaka ali mitundu iwiri. Mtundu waukulu, umene ndi magawo 4 mwa magawo 5, umatchedwa casein. Umenewu umakhala ngati timibulu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, toyandama m'madzi a mkakawo. Mumkaka wongokama kumene timibuluti timakankhana, kena sikafuna kukhudzana ndi kanzake, ndipo nchifukwa chake mkaka umayenda ngati madzi. Mtundu wachiwiri ndi mapuloteni osungunuka, amene amatsalira m'madzi achikasu aja mkaka ukagwirana. Madzi amenewa Azulu amawatcha umlaza, ndipo m'mafakitale amadziwika ndi dzina loti whey.

Tsono mumkaka mumalowa tizilombo ting'onoting'ono totchedwa mabakiteriya. Tina timachokera kumawere a ng'ombe, tina m'manja mwa wokama, tina m'chidebe. Mkaka umatuluka m'bere uli wofunda ngati thupi, ndipo m'malo ofunda chotero tizilombo tina timatha kuchulukana kawiri pa mphindi 20 zilizonse. Wodziwa masamu angathe kuwerengera yekha kuti m'maola 7 kachilombo kamodzi kangabale tinzake toposa 2,000,000. Pakati pa tizilomboti pali gulu lina limene limadya shuga wa mumkaka nkumusandutsa asidi. Asidi ameneyu ndiye amawawasitsa mkaka. Akamachuluka, mphamvu yokankhana ya timibulu ta casein imachepa, mpaka timibuluto timayamba kugwirana manja nkuluka ukonde. Monga momwe chilimira chimakolera usipa panyanja, ukonde umenewu umakola madzi ndi mafuta onse a mumkaka, ndipo mkaka umene unali kuyenda umaima nji. Akatswiri amayesa kuwawasa kumeneku ndi muyeso wotchedwa pH. Mkaka watsopano umakhala pa 6.7, ndipo muyesowo ukatsika kufika pa 4.6 ukonde umakhala utalukika. Asidi yemweyo amalepheretsanso tizilombo tambiri toolesa kuti tisaswane, ndipo apa ndiye pagona chinsinsi cha kukhalitsa kwa chambiko.

Makolo ankachita zonsezi osaziona. Amene anasonyeza kuti kusasa kotere ndi ntchito ya tinthu tamoyo anali Louis Pasteur wa ku France, m'chaka cha 1857. Mu 1905 mnyamata wina wa ku Bulgaria, Stamen Grigorov, amene ankaphunzira udokotala ku Geneva, anapeza kachilombo kamene kamasasitsa yogati yakwawo, ndipo mpaka lero dzina la kachilomboko, bulgaricus, limakumbutsa za dziko lakelo. Katswiri wina wotchuka wa ku Paris, Élie Metchnikoff, anafalitsa ganizo loti alimi a ku Bulgaria ankakalamba kwambiri chifukwa chomwa mkaka wosasa. Ganizoli linapitirira pang'ono pa zimene umboni unkasonyeza, komabe linachititsa kuti anthu a m'mizinda ya ku Ulaya ayambe kufunafuna yogati. Mu 1919 Isaac Carasso anatsegula kafakitale ka yogati ku Barcelona, ndipo poyamba yogatiyo inkagulitsidwa m'masitolo a mankhwala. Kampani yakeyo anaitcha Danone potengera dzina la mwana wake Daniel.

Kuno ku Malawi mkaka wambiri wopita kumafakitale umachokera kwa alimi ang'onoang'ono a m'maboma a Thyolo, Chiradzulu, Mulanje ndi Blantyre, komanso a m'madera ozungulira Lilongwe ndi Mzuzu. Ambiri mwa iwo ali ndi ng'ombe imodzi, ziwiri kapena zitatu za m'khola, zimene amazidyetsa nsenjere ndi madeya. Akakama, amanyamula mkaka pamutu kapena panjinga kupita nawo kumalo amene gulu lawo limasonkhanitsira mkaka. Kumeneko mkaka sungolandiridwa wamba. Kalaliki amaviikamo kachipangizo koyandama koyesera kulemera kwa mkaka, ndipo ngati wina wathiramo madzi kuti uchuluke, kachipangizoko kamamira mopitirira malire nkumuulula. Amatapanso mkaka pang'ono nkuusakaniza ndi spiriti. Ukachita mibulu ndiye kuti wayamba kale kusasa, ndipo umabwezedwa. Mkaka wolandiridwa umathiridwa m'thanki yoziziritsa kufika pa madigiri 4, kudikira galimoto ya kufakitale.

Pali mkaka winanso umene fakitale imauopa kwambiri, ndiwo wa ng'ombe imene yabayidwa kumene mankhwala opha tizilombo. Mankhwalawo amatsikira mumkaka, ndipo sasankha: amapha ndi tizilombo tabwino tomwe tosasitsa mkaka. Chidebe chimodzi cha mkaka wotere chingathe kulepheretsa thanki yonse kugwirana. Kaamba ka ichi mlimi wokhulupirika amadikira masiku amene alangizi a ziweto amuuza asanayambenso kugulitsa mkaka wa ng'ombe yodwalayo.

Mkaka ukafika kufakitale umayamba wadzera m'makina ozungulira mothamanga kwambiri, amene amapatula mafuta kuti opanga athe kubwezeramo mlingo umene akufuna. Makina otere anawapanga Gustaf de Laval wa ku Sweden mu 1878. Kenaka umakankhidwa mwamphamvu kudzera pa kampata kakang'ono zedi, kamene kamaphwanya mafuta kukhala timadontho tosatha kuyandamanso pamwamba. Ukachoka apo umatenthetsedwa. Mkaka wakumwa wamba umangofika pa madigiri 72 kwa masekondi 15, ndipo kutentha kumeneku nkokwanira kupha tizilombo toyambitsa matenda. Koma mkaka wa yogati ndi chambiko umafika pa madigiri 90 kapena 95 kwa mphindi ngati 5. Chifukwa chake nchakuti pa moto wotere mapuloteni osungunuka aja amafunyululuka nkukamatirira pa timibulu ta casein. Timibulu tovala chotere timaluka ukonde wamaso aang'ono, umene umagwira madzi bwino osawataya msanga.

Moto ukapha tizilombo tonse tosafunika, mkaka umakhala ngati munda wolimidwa bwino umene ukudikira mbewu. Mbewu yake ndi tizilombo tosankhidwa, timene mafakitale amagula titaumitsidwa m'timapaketi. Pa yogati amathiramo mitundu iwiri yokonda kutentha, imene imathandizana pa ntchito, ndipo mkaka umasungidwa pa madigiri 42 kapena 43 kwa maola 4 mpaka 6. Mkaka wosasa wa mtundu wa chambiko ndi amasi umafuna tizilombo tokonda malo ofunda pang'ono chabe, madigiri 20 mpaka 25, ndipo ntchito yake imatenga usiku wonse ndi kupitirira. Tizilombo timeneti timapatsa chambiko kafungo kake kaja konga ka batala, kamene yogati ilibe. Bungwe la Codex Alimentarius, limene linakhazikitsidwa ndi FAO ndi WHO mu 1963 kuti liziika malamulo a zakudya, linagamula kuti m'galamu imodzi ya mkaka wosasa wotere muzikhala tizilombo tamoyo tosachepera 10,000,000.

Mkaka ukasasa mapuloteni ake sachuluka. Chambiko wamba chili ndi magalamu 3 ndi pang'ono a mapuloteni pa magalamu 100 alionse, chimodzimodzi mkaka umene chinachokerako. Kwa munthu wathanzi wodya nsima, nyemba ndi usipa, mlingo umenewu ndi wokwanira. Koma pali ena amene mimba yawo siilandira chakudya chambiri nthawi imodzi, pamene thupi lawo likufuna zomanga zochuluka: mwana amene wanyentchera, nkhalamba yopanda mano, munthu amene wangodzuka kumene pamphasa atadwala nthawi yaitali. Otere kapu imodzi yokha imawakwana, ndipo nkofunika kuti m'kapu imodziyo mukhale chakudya cha makapu awiri kapena atatu. Amasewera ndi anthu ogwira ntchito zolemetsa nawonso amafuna zakumwa zoterezi. Malamulo a Codex amati mkaka wosasa wamba usachepere magalamu 2.7 a mapuloteni pa magalamu 100, ndipo wotchedwa wokhuthala usachepere magalamu 5.6. Yogati yosefa ya mtundu wa ku Greece imafika pa magalamu 9 kapena 10, ndipo skyr imafika pa magalamu 11.

Njira yakale yochulukitsira mapuloteni ndiyo kusefa. Chambiko chikagwirana amachithira m'kansalu koyera nkuchipachika, ndipo madzi achikasu amadontha usiku wonse, kusiya casein m'kansalumo. M'mafakitale ntchito ya kansalu imagwiridwa ndi makina ozungulira. Njirayi imadya mkaka wambiri, pakuti pamafunika malita 3 kapena 4 kuti papezeke kilogalamu imodzi. Opanga ena amangothira mkaka waufa, kapena ufa wa mapuloteni a mumkaka, mkakawo usanasase. Njira imeneyi ndi yapafupi, koma ufawo kawirikawiri umachokera kunja ndipo umagulidwa ndi ndalama zakunja. Njira yachitatu inayamba ndi akatswiri a ku France mu 1969. Mkaka umakankhidwa pa sefa yamaso aang'ono kwambiri, moti madzi, shuga ndi mchere wina zimadutsa, koma mapuloteni ndi mafuta zimatsala. Motero mkaka umakhuthala usanaone nkomwe tizilombo tosasitsa.

Apa ndiye pamayambira vuto lenileni la ntchito imeneyi. Kuchulukitsa mapuloteni nkosavuta. Chovuta ndi kuwachulukitsa chakumwacho nkukhalabe chomweka. Timibulu ta casein tikachuluka, ukonde umalimba kwambiri, ndipo m'malo mwa chakumwa mumatuluka chinthu cholimba ngati phala logona, chofuna supuni. Wina akachitakasa mwamphamvu kuti chisungunuke, ukondewo umaduka m'zidutswa zosalingana. Zidutswa zazikulu zimamveka pa lilime ngati mibulu ya m'phala lophikidwa ndi mwana wongophunzira kumene, ndipo zing'onozing'ono zolimba zimamveka ngati mchenga kapena choko, nkusiya kukhosi kuli gwaa. Botolo likakhala masiku angapo, zidutswazo zimamira pansi, madzi achikasu nkukwera pamwamba. Chakudyacho chimakhala chikadali chabwinobwino, koma wogula akaona botolo logawikana pawiri amaganiza kuti chawonongeka. Lilime la munthu silinamizika: limamva timibulu timene diso silingathe kutiona. Ndipo wodwala amene chakudya sichikumukomera kale, akangomva mchenga m'kamwa amakankhira kapu kutali, mapuloteni onse aja nkupita pachabe.

Kaamba ka ichi akatswiri a m'mafakitale amasamala zinthu zimene munthu wamba angaziyese zachabechabe. Choyamba ndi moto. Mkaka wokhuthala ukatenthetsedwa mopitirira muyeso, mapuloteni osungunuka aja amagwirana okhaokha nkupanga mibulu mkaka usanasase nkomwe, monga momwe choyera cha dzira chimalimbira m'chiwaya. Mkaka waufa nawo umafuna kuviikidwa nthawi yokwanira kuti unyowe mpaka m'kati, apo ayi timibulu ta ufawo timakapezeka m'botolo. Kenaka pali bata. Nthawi imene ukonde ukulukika, thanki siyenera kugwedezeka. Ngakhale kunjenjemera kwa injini yoikidwa pafupi kungathe kugundanitsa timibulu ta casein nthawi isanakwane, nkupanga mibulu imene siidzasungunukanso. Kufulumira nakonso kumawononga. Wopanga akakweza kutentha kuti tizilombo timalize msanga, ukonde umalukika wamaso aakulu ndipo umataya madzi. Akatsitsa kutentha pang'ono nkudikira, umalukika wosalala. Mkaka wokhuthala umachedwa kale kusasa kusiyana ndi mkaka wamba, chifukwa mapuloteni ndi mchere wochulukawo zimameza gawo lina la asidi, choncho mayesero a kufulumira amakhala aakulu.

Muyeso ukafika pa 4.6 kapena kutsikirapo pang'ono, nthawi yophwanya ukonde imakhala yakwana. Zotakasira zazikulu zimayenda pang'onopang'ono m'thankimo, ndipo chambikocho chimakankhidwa kudzera pa sefa yachitsulo kapena pa kampata kopapatiza, kuti zidutswa zonse zikhale zazing'ono ndi zofanana. Pa yogati yodya ndi supuni amachita zimenezi mofatsa kuti isasungunuke kwambiri, koma pa yakumwa amawonjezera mphamvu. Nthawi yomweyo amachiziziritsa, chifukwa tizilombo tikasiyidwa pofunda timapitiriza ntchito ndipo chambiko chimawawasa mopweteka m'masaya.

Kuti zidutswa zophwanyikazo zisagwiranenso m'botolo, opanga ambiri amathiramo pectin pang'ono. Ameneyu amachokera m'makoko a malalanje ndi mandimu komanso m'zotsalira za maapozi, ndipo ndi yemwe uja amalimbitsa jamu. M'chakumwa chowawasa pectin amakuta kachidutswa kalikonse ka casein ngati chovala, kotero kuti tizidutswato timayambanso kukankhana monga tinkachitira mumkaka watsopano. Ena safuna kuthira kanthu kochokera kunja kwa mkaka, ndipo amasankha mitundu ya tizilombo imene imatulutsa yokha tinthu toterera pamene ikudya shuga. Tinthu timeneti timasalalitsa chakumwa bwino lomwe, koma pamafunika muyeso, pakuti tikachuluka chambiko chimanyololoka pa supuni ngati therere, ndipo si onse angakondwe kumwa therere la mkaka.

Luso lina lochititsa chidwi ndi la mapuloteni a m'madzi achikasu aja. Akatswiri amawasonkhanitsa, nawatenthetsa uku akuwatakasa mothamanga kwambiri, kotero kuti m'malo mogwirana kukhala chibuluma chimodzi amasanduka timipira ting'onoting'ono tobulungira. Timipira timeneti tapsa kale, choncho sitilowereranso kwambiri pa kuluka ukonde. Tikathiridwa mumkaka timachulukitsa mapuloteni popanda kulimbitsa chakumwa mopitirira, ndipo pa lilime timagubuduzika ngati timadontho ta mafuta. Mafuta enieni a mkaka nawo amathandiza kusalala, ndipo nchifukwa chake chakumwa chochotsedwa mafuta onse ndicho chimavuta koposa kuchikonza.

Pali chinthu chimodzi chimene sichisalalitsa kanthu koma chimangobisa zolakwa, ndicho shuga. Yogati zina zonunkhira zipatso zimathiridwa shuga wambiri kuti ana azikonde, ndipo mwana wozolowera zimenezi amayamba kukana chambiko chenicheni. Shuga wochuluka amaononga mano ndipo samanga thupi. Wogula wanzeru amawerenga zolembedwa pa paketi kuti aone magalamu a mapuloteni ndi a shuga asanatulutse ndalama.

Madzi achikasu otsala posefa sayenera kutayidwa mumtsinje. M'menemo muli shuga wambiri, ndipo tizilombo ta m'madzi tikamamudya timamaliza mpweya umene nsomba zimapuma. Alimi amamwetsa madziwa nkhumba ndi ana a ng'ombe, ndipo pakhomo angathe kuthiridwa m'phala kapena mu ufa wa zitumbuwa ndi mandasi.

Chambiko chikaikidwa m'mapaketi kapena m'mabotolo, tizilombo take timakhala tili moyo, tangogona chifukwa cha kuzizira. Chiyenera kukhala pa madigiri osapitirira 5 kuyambira kufakitale, m'galimoto, mpaka m'firiji ya m'sitolo. Magetsi akazima nthawi yaitali tizilomboto timadzuka, chambiko chimawawasa, ndipo madzi amayamba kupatuka. Paketi yofufuma ngati chibaluni ndi chizindikiro chakuti mwalowa yisiti kapena tizilombo tina totulutsa mpweya, ndipo siyenera kugulidwa ngakhale itatsitsidwa mtengo. Pa paketi iliyonse pamalembedwa tsiku lomaliza kugwiritsa ntchito. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, ndilo limayang'anira kuti zakudya zopangidwa m'mafakitale a m'dziko muno zikhale zoyenera kudyedwa.

Anthu ambiri akuluakulu mu Africa ndi ku Asia akamwa mkaka watsopano wochuluka m'mimba mwawo mumabangula ndi kudzaza mpweya. Chimachititsa ndi shuga uja wotchedwa lactose, amene thupi la munthu limamugaya bwino paukhanda koma kwa ambiri mphamvuyo imachepa akamakula. M'chambiko ndi m'yogati gawo lina la shugayu limakhala litadyedwa kale ndi tizilombo, ndipo m'chosefa gawo linanso limapita ndi madzi. Motero ambiri amene mkaka umawavuta amamwa chambiko popanda dandaulo. Mkaka ndi chambiko zili m'gulu la zakudya zochokera ku nyama, limodzi mwa magulu 6 a zakudya amene a zaumoyo amalimbikitsa ku Malawi. Koma khanda losakwana miyezi 6 siliyenera kupatsidwa zimenezi. Chakudya chake ndi bere la mayi ake basi.

Banja lokhala ndi ng'ombe lingathe kupanga chambiko chokhuthala ndi chosalala popanda makina alionse, malinga litsate nzeru zomwezi. Mkaka uyenera kuyamba wawiritsidwa. Ena amakhulupirira kuti kusasa kumapha matenda onse, koma si zoona: tizilombo ta chifuwa chachikulu cha ng'ombe, ndi ta matenda aja ochititsa ng'ombe kutaya bere, amene mwa munthu amabweretsa kutentha thupi kobwerezabwereza, tingathe kupulumuka m'mkaka wosasa umene sunaphikidwe. Mkaka wowira uzizire uli wovundikira m'chiwiya chotsukidwa ndi madzi otentha. Ukazizira kufika pongofunda pang'ono, athiremo masupuni awiri kapena atatu a chambiko chabwino pa lita imodzi, atakase kamodzi, avundikire, nkuchiika pakona pamene sipadutsadutsa anthu. Mwana wokonda kuvundukula ndi kugwedeza mphika kuti aone ngati chagwira ndiye amabweretsa mibulu.

Kukacha chambiko chimakhala chitagwirana. Wofuna chokhuthala achithire m'kansalu kowiritsidwa, nkukapachika pamalo ozizira pamwamba pa mbale kwa maola angapo, mpaka theka la madzi litadontha. Chotsala m'kansalucho chimakhala ndi mapuloteni pafupifupi kawiri kuposa mkaka wamba. Achipititse pa sefa ya ufa yotsukidwa bwino, akuchikanikiza ndi supuni, kenaka achipuntha ndi lufuko kapena foloko mpaka chisalale. Ngati chalimba kwambiri kwa wodwala, abwezeremo pang'ono madzi aja anadonthera m'mbale, kapena asakanizemo nthochi yakupsa yofinya. Pakhomo popanda firiji chambiko chotere chimwedwe tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo masupuni angapo apatulidwe m'kapu yoyera yovundikira kuti akhale mbewu ya mkaka wa madzulo.

Mafunso

1. Kodi mkaka woola umasiyana bwanji ndi mkaka wosasa?
2. Tchulani maina atatu a mkaka wosasa a m'maiko ena, ndi kumene dzina lililonse limachokera.
3. Fotokozani m'mau anuanu chimene chimachitika kuti mkaka ugwirane. Nchifukwa chiyani nkhaniyi yayerekeza zimenezi ndi chilimira?
4. Kodi kalaliki wolandira mkaka amadziwa bwanji kuti mlimi wathiramo madzi?
5. Nchifukwa chiyani mkaka wa yogati umatenthetsedwa kwambiri kuposa mkaka wakumwa wamba?
6. Ndi anthu otani amene amafuna chakumwa cha mapuloteni ochuluka, ndipo chimachitika nchiyani chakumwacho chikakhala cha mibulu?
7. Perekani matanthauzo a mau awa monga agwiritsidwira ntchito m'nkhaniyi: kunyentchera, kunyololoka, kufunyululuka, kudzuka pamphasa, dzuwa kuswa mtengo.
8. Funsani akuluakulu a kwanu momwe ankasungira mkaka kale, ndipo mulembe ndime ziwiri pa zimene akuuzeni.